Nkhata ya mtima imene achemwali anakana kuluka

Achemwali anga aakulu anali ndi sitolo ya mabokosi a maliro ndi nkhata paboma pa Ntcheu, m'mbali mwa kamsewu kopita kuchipatala. Mabokosi ankakhoma akalipentala kuseri kwa sitoloyo, koma nkhata ankaluka okha pakhonde, atakhala pakampando kopanda chotsamira. Ine nthawi imeneyo ndinali nditachoka ku Blantyre, kumene ndinagwira ntchito ya utolankhani zaka zambiri, ndipo ndinkalemba nkhani za m'boma lathu n'kumazitumiza pafoni. Ofesi ndinalibe. Ndinkalembera pakhonde lomwelo, ndipo sindinkasowa cholemba. Ngozi ya pamsewu, matenda otsegula m'mimba, ndewu yolimbirana dimba, zonsezi zinkafika kwa wogulitsa mabokosi zisanamveke pawailesi.

Nkhata zinali za mitundu itatu. Yozungulira inali ya aliyense: mwana, mlongo, mnzake wa kuntchito, woimira chipani. Ya mtanda ankagula a mpingo. Ya mtima inali ya munthu mmodzi yekha, mwamuna kapena mkazi wa malemu. Kumanda, adzukulu akamaliza kuwumba mtumbira, woyendetsa mwambo amayamba kuitana wamasiyeyo, ndipo iye amaika nkhata yake pakati, pachifuwa. Ena onse amaika mozungulira. N'chifukwa chake funso loyamba la achemwali kwa kasitomala aliyense linali limodzimodzi: "Pepani ndi zovutazi. Malemuwa ndi ndani wanu?" Sikunali kufufuza za eni. Telala amayamba wayeza m'chiuno asanadule nsalu, nawonso ankayamba ndi funso limenelo asanapinde waya.

Achemwali anali mtsogoleri wa amayi kumpingo kwawo. Lamulungu sankatsegula sitolo, koma maliro akagwa tsiku limenelo ankatumiza kiyi kwa kalipentala kuti anthu asavutike. Sindinawaonepo akukaniza munthu bokosi. Anagulitsa bokosi la chidakwa chimene chinagwera m'ngalande, la wakuba amene anaphedwa ndi gulu la anthu, la munthu amene mpingo unakana kumuimbira. Asilamu a masitolo a pamsika ankabwera kudzagula nsalu yoyera, ndipo ankalandiridwa ndi ulemu womwewo. Ndikunena izi poyamba kuti amene awerenge zotsatirazi adziwe kuti mayi ameneyu sanali wankhanza.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, m'mawa kukali chifunga, kunabwera bambo wina wachikulire, mlimi wa kumapiri a ku Tsangano. Mwana wa mlongo wake anali atamwalira pangozi ya njinga yamoto pafupi ndi mphambano ya msewu wa Tsangano, ndipo thupi linali kunyumba yachisoni ya pachipatala. Iye monga malume ndiye ankayendetsa zonse. Anasankha bokosi, anaitanitsa nkhata zozungulira zingapo, n'kupangana ndi achemwali kuti pikapu yawo inyamule maliro kupita kumudzi masana. Malemuyo ndinkamudziwa. Anali makaniko wa njinga zamoto ku Lizulu, wosayankhulayankhula, wa manja akuda ndi oilo nthawi zonse.

Malume atangochoka kunafika munthu wina amene ndinkamudziwanso, wogulitsa kachewere pamsika wa Lizulu. Ndinkagula kwa iye ndikamadutsa, chifukwa ndowa yake inalibe mbatata zowola pansi. Iye ndi makaniko uja ankakhala nyumba imodzi kuyambira kale. Anthu a pamsika ankawatcha asuweni, ndipo ambiri ankadziwa kuti pachibale panalibe usuweni uliwonse. Anavala jekete yakuda yomukulira pang'ono. Anapereka moni, anavula chipewa, n'kuima pansi pa masitepe.

"Ndikufuna nkhata, mayi. Ya mtima."

"Pepani ndi zovutazi, bambo. Mwatumidwa ndi mayi a kunyumba kwa malemu?"

"Malemu analibe mkazi. Ndi yemwe uja mwagulitsa bokosi lake m'mawa uno."

"Nanga ndi ndani wanu?"

Apa munthuyo akanatha kunama. Akanati watumidwa ndi chibwenzi cha malemu chimene chikuchita manyazi kubwera chokha, ndipo achemwali akanaluka osafunsanso. Iye anayang'ana chipewa chake, kenako anayang'ana achemwali m'maso.

"Ndi amene ndinkakhala naye. Nyumba imodzi, mphasa imodzi. Akadwala ndinkamusambitsa ndine. Dzulo amene anamutola pamsewu ndine."

Achemwali anaika pansi liboni imene anali nayo m'manja. Sanakweze mawu, ndipo sanayang'ane kumbali kuti aone ngati wina akumva.

"Bambo, khalani pampando apa. Yozungulira ndikulukirani pompano, yaikulu kuposa za achibale onse, ya maluwa oyera okhaokha. Koma ya mtima ayi. Ndikaluka ya mtima ndiye kuti manja angawa achitira umboni kuti unali ukwati. Ine pamaso pa Mulungu wanga sindingathe kunena zimenezo."

"Sindinabwere kudzapempha umboni, mayi. Ndabwera kudzagula katundu amene mwapachika apoyo."

"Wopachikidwayo ali ndi mwini wake, akubwera kudzamutenga."

"Chabwino. Chaka chatha kunamwalira bambo uja wa malole ku Lizulu, wa akazi awiri. Nkhata za mtima zinali ziwiri pamanda paja, ndinaziona ndi maso angawa. Analuka ndani?"

"Ndinaluka ine."

"Mpingo wanu umalola mitala?"

"Sulola. Koma akazi onse awiri aja anali ndi ankhoswe. Ndi ukwati wolakwika, koma ndi ukwati."

"Nanga ife ankhoswe tikanawapeza kuti, poti akanakagona kupolisi tsiku lomwelo?"

Achemwali anangobwereza kuti yozungulira ilipo. Munthu uja anatembenukira kwa ine, amene ndinali pakona ndi foni m'manja.

"Inu atolankhani, mwamva nokha. Paja mumalemba za anthu osalidwa. Lembani izi. Dzina langa ndikupatsani, ndi chithunzi chomwe mujambule."

Zinali zaka zimene nkhani ya amuna kapena akazi okhaokha inali pakamwa pa aliyense. Pawailesi amabungwe ankakamba za ufulu wachibadwidwe, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti ankayankha pogwira mawu m'mabuku awo, ndipo andale ankayang'ana kumene kukulowera mphepo. Malamulo aakulu a dziko lino ndinkawadziwa, chifukwa ndinakhalapo m'makhoti ndikulemba milandu. Amati munthu aliyense ali ndi ufulu wa chipembedzo ndi wa chikumbumtima. Amatinso munthu asasalidwe. Koma pambali pa amenewo pali lamulo lakale la milandu, limene limati mwamuna wogona ndi mwamuna mnzake apite kundende. Ndinamufotokozera zimenezi mosabisa. Ndinati nkhaniyo ikatuluka, galimoto ya polisi sidzaima pasitolo ya achemwali. Idzaima pamsika wa Lizulu, pamene pali ndowa zake.

Anaseka kuseka kosakoma.

"Ndiye mukuti mbuzi yanga yasowa, koma woweruza mlandu ndi fisi."

"Ndi mmene zilili, achimwene."

Kenako ndinayankhula ndi achemwali, ndipo sindinatsitse mawu. Ndinati sitolo imene yatsegula chitseko kumsewu ndi ya aliyense wodutsa pamsewupo. Ndinati laisensi imene ili pakhoma inachokera kukhonsolo, sinachokere kwa abusa. Ndinati munthu akagula nkhata, mawu amene nkhatayo ikunena ndi a wogula, monga mmene wosindikiza makadi a ukwati sachitira umboni kuti akwatiwo akukondanadi.

"Iwe," anatero achemwali, pakuti akakwiya ankaiwala kuti ndine bambo wa imvi, "khonsolo inandipatsa malo ogulitsira. Sinagule mtima wanga. Bokosi ndagulitsa, galimoto ndipereka, kumanda ndikafika. Chimodzi chokha ndakana, ndipo chimenecho ndikayankha ndekha kumwamba. Udzandiyankhira ndiwe?"

"Nanga iyeyu akagule kuti? Woluka nkhata wina pafupi ali ku Dedza kapena ku Balaka, ndipo maliro anyamuka masana ano."

"Zimenezo ndikuzidziwa, ndipo zikundipweteka. Koma ayi."

Kuseri kalipentala ankakhoma misomali. Munthu wa kachewere uja anayang'ana mulu wa zipangizo umene unali pakona ya khonde: waya wofewa wokulungidwa, nthambi za mkungudza zothyoledwa m'mawa womwewo, maluwa a nsalu ndi maliboni ochokera ku Limbe.

"Waya mumagulitsa, mayi?"

Achemwali anaganiza pang'ono.

"Waya ndimagulitsa kwa aliyense. Ena amakamangira khola la nkhuku, sindifunsa."

"Masamba ndi maluwa?"

"Chimodzimodzi."

Anagula zonse. Anavula jekete, anaipinda bwino, n'kukhala pansi kumapeto kwa khonde. Manja ake anali ozolowera kusoka pakamwa pa matumba a kachewere ndi chingwe, choncho kumanga sikunamuvute. Chinamuvuta ndi kupinda waya kuti pamwamba palowe m'kati, pansi pasongoke. Anapinda, anawongola, anapindanso. Achemwali anapitiriza kuluka nkhata za malume, maso ali pantchito yawo, koma ine ndinkaona kuti akumuonera m'ngodya ya diso. Waya woyamba unathyoka. Atayamba wachiwiri, achemwali anayankhula mokweza, nkhope atalozetsa kwa ine ngati kuti ndine ndawafunsa.

"Achimwene, waya ukaupinda kawiri pamalo amodzi umathyoka. Anthu odziwa amaukulunga pabotolo, mbali iyi kenako mbali inayo."

Botolo la fanta linali pafupi ndi phazi langa. Ndinaligubuduza. Munthu uja analitola osathokoza aliyense, ndipo anachita bwino, chifukwa akanathokoza achemwali akanakana kuti sanathandize kanthu.

Dzuwa litakwera nkhata inali itatha. Mbali yakumanzere inali yaikulu kuposa yakumanja, ndipo masamba ena ankatuluka ngati tsitsi losapesa. Koma panalibe munthu amene akanaiona n'kunena kuti ndi yozungulira.

Kuchipatala malume anaiona nthawi yomweyo. Anandikokera pambali n'kundifunsa ngati achemwali ndiwo aluka chinthu chimenecho. Ndinati ayi, waluka mwini wake. Anapita kwa munthu uja n'kumuuza kuti m'pikapu mulibe malo, ngakhale malo analipo. Iye sanatsutse. Anakwera lole ya anzake a pamsika amene anabwera kudzaperekeza, ndipo anakhala pamwamba pa matumba opanda kanthu, nkhata ataiika pamiyendo kuti mphepo isaiwononge.

Achemwali ankayendetsa okha pikapu yawo msewu ukakhala woipa, chifukwa ankati madalaivala aganyu sadziwa mtengo wa masipuling'i. Ine ndinakhala nawo kutsogolo. Kuchoka pamsewu waukulu kupita ku Tsangano ndi chitunda chokhachokha, minda ya kachewere mbali zonse, ndi mphepo yochokera ku Mozambique imene imalowa ngakhale mawindo atatsekedwa. Kumbuyo amayi ankaimba.

Mwambo wa pakhomo unali waufupi. Malemu anali atasiya kupita kutchalitchi kalekale, choncho anabwera mkulu wa mpingo mmodzi, wopanda kwaya. Mbiri ya malemu inati anabadwira m'mudzi momwemo, anaphunzira umakaniko, ndipo wamwalira asanakwatire. Kumanda adzukulu anatsitsa bokosi, anakwirira, n'kuwumba mtumbira ndi kuseri kwa makasu. Kenako woyendetsa mwambo anayamba kuitana oika nkhata. Anayamba ndi mayi a malemu, amene anachita kugwiriziridwa. Anaitana alongo, malume, woimira amfumu, ndipo pomaliza anati, "Anzake ogwira nawo ntchito pamsika wa Lizulu."

Anthu a pamsika anali ndi nkhata yawo yozungulira imene anasonkherana. Mayi wina wogulitsa tomato anagwira munthu wa kachewere pamkono.

"Tiyeni, asuweni, nthawi yake ndi ino. Muike limodzi ndi ife, palibe aone."

"Pitani, mayi. Sanaitane ine."

Anaima pomwepo, nkhata ataigwira ndi manja awiri. Woyendetsa mwambo anamuyang'ana, anayang'ana malume, n'kulengeza kuti mwambo wa nkhata wathera pamenepo. Mkulu wa mpingo anatseka ndi pemphero. Amayi anayamba kutuluka, amuna akutsatira. Ine ndinatsalira, ndipo achemwali anaima patali pang'ono, pansi pa mtengo wa m'mphepete mwa manda.

Malume anapita kwa munthu uja. Ankayankhula motsitsa, koma ndinamva zonse.

"Bambo, mwatichititsa manyazi mokwanira. Tengani chinthu chanucho muzipita kwanu."

Asanayankhe, mkulu wa adzukulu, bambo wamfupi amene anali kupala dothi pakhasu lake ndi kamtengo, analowerera.

"Apite nacho kuti, malume?"

"Kumene wachokera."

"Iyayi. Chimene chabwera kudzagona kumanda sichibwerera kumudzi. Mukufuna adutse nacho pakati pa nyumba, ana akuona? Mawa wina akadwala mutu, mudzati walodza ndani? Kuno eni ake ndife, ndipo nkhata situluka."

Malume anali munthu wa mwambo, ndipo pamenepa mwambo unamugwira mwendo. Anayang'ana kumudzi, anayang'ana adzukulu ena amene anali atasiya kucheza n'kumamvetsera.

"Ndiye aike kumiyendo," anatero.

"Poika ndi nkhani yanu ya pabanja," anayankha mkulu wa adzukulu. "Ine ndangoti situluka."

Apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene palibe anachikonza. Achibale onse, mayi, alongo, malume yemwe, anaika nkhata zawo mmene amaikira pamaliro ena alionse, mozungulira, kusiya malo pakati. Manja anachita zimene anazolowera, ngakhale mbiri inali itanena kuti malemu analibe banja. Munthu wa kachewere anayenda mosathamanga, anagwada, anaika nkhata yake pamalo opanda kanthuwo, n'kukanikiza waya m'dothi kuti mphepo isaiulutse. Anakhala chogwada kanthawi, kenako anadzuka n'kusansa mawondo.

"Chotsani icho," anatero malume kwa adzukulu.

Palibe anasuntha. Nkhata ikagona pamtumbira saigwiranso munthu, ndipo malume mwini wakeyo sanayerekeze kutambasula dzanja. Anthu amene anali asanafike patali anatembenuka n'kuona. Mayi a malemu nawo anaona. Anangokoka chitenje kumutu n'kupitiriza ulendo.

Pobwerera, titatsika chitunda choyamba, achemwali anayamba okha.

"Mawa akabwera wina wotero, ndikananso."

"Ndikudziwa."

"Ukuganiza kuti ndalakwa."

"Mwalakwa, achemwali."

"Chabwino. Gwira thumba ilo lisagwe."

Maganizo anga sanasinthe kufikira lero. Munthu akatsegula malonda pamsewu, makamaka malonda a maliro amene wogula sangadikire mawa, sayenera kusankha misozi yoti aigulitse maluwa. Chikhulupiriro cha achemwali chinali chenicheni, ndipo sindikanafuna kuti boma liwatsekere sitolo kapena liwakokere kukhoti. Koma pa anthu awiri amene anali pakhonde paja, mmodzi akanatha kunena maganizo ake mokweza, kutchalitchi, pamsika, ngakhale pawailesi, anthu n'kumuombera m'manja. Winayo akanangotsegula pakamwa kudandaula, akanamangidwa. Amene amakamba nkhaniyi ngati mkangano wa maufulu awiri ofanana mphamvu sanaime pakhonde ngati limenelo.

Achemwali nawo sizinawathere bwino kwenikweni. Maliboni awo ankadziwika m'boma lonse, ndipo mbiri inafika kumpingo kuti mtsogoleri wa amayi walukira nkhata ya mtima mwamuna wolira mwamuna mnzake. Anawaitana kubwalo la akulu a mpingo. Anapita atavala yunifolomu yawo, anaimirira, n'kunena kuti anagulitsa waya, masamba ndi maluwa, kuti nkhata sanaluke, ndiponso kuti wina aliyense wofuna waya adzamugulitsa. Akuluakuluwo anakambirana, osapeza ndime yoletsa kugulitsa waya, ndipo nkhani inathera pomwepo. Za botolo sanafunsidwe.

Patapita milungu ingapo ndinatsika minibasi ku Lizulu ndipo ndinamupeza munthu uja pamalo pake, akusanja kachewere m'ndowa, zazikulu pansi ndi pamwamba pomwe. Ndinamufunsa ngati akufunabe kuti nkhani ija ilembedwe. Anati ayi, za nyuzipepala zinali za mkwiyo wa tsiku lija. Ndinamufunsanso ngati anapitako kumanda kuchokera nthawi ija. Anapukusa mutu. Kumanda salowa munthu popanda chilolezo cha eni mudzi, ndipo malume anali atanena kale kuti iye asadzapondenso kumeneko.

"Koma sizindisowetsa tulo, achimwene," anatero akundithirira mbatata m'jumbo. "Mudzi wonse unaona pamene ndinaika."